Hatchi Pakhomo pa Holo ya Kanema

Kabuku kamene kanandiyambitsa zonsezi ndinakagula madola 12 m'sitolo ya zinthu zakale, m'tawuni ina yaing'ono ya kumadzulo kwa chigawo cha Nebraska ku America. Kanali m'katoni pansi pa tebulo, kataphatikizana ndi makalendala a m'ma 1950 ndi mabuku okonzera mathirakitala. Ndikuti kabuku chifukwa masamba ake ndi ochepa, koma kukula kwake n'kwa nyuzipepala, moti pokawerenga uyenera kukayala patebulo. Pachikuto pali mwamuna wa chipewa choyera atakwera hatchi imene yaima ndi miyendo yakumbuyo. Pepala lake linafiira m'mphepete, ndipo ukalipinda limathetheka ngati tsamba louma. Nditatsegula mkati ndinakhumudwa kaye, chifukwa masamba atatu anali ndi mabowo a makona anayi, odulidwa bwinobwino ndi sizasi. Ndinkayesa kuti mwana wina anakaseweretsa.

Sanali mwana ayi. Anthu a ntchito ya kanema kabuku kotere amakatchula pressbook, ndipo kampani yopanga filimu inkakatumiza kwa mwini holo aliyense amene wabwereka filimuyo. Munkakhala zonse zomuthandiza kugulitsa matikiti: nkhani zolembedwa kale zoti akapereke kwa mkonzi wa nyuzipepala ya m'deralo, zithunzi zotsatsira zazikulu ndi zazing'ono, chilichonse ndi nambala yake yoitanitsira, komanso mndandanda wa zikwangwani ndi mitengo yake. Mabowo aja ndi pamene mwini holo anadula zithunzi zimene anasankha n'kupita nazo kwa osindikiza. Kabuku kopanda bowo ndi kamene sikanagwire ntchito. Kangaka kanagwira, ndipo mwini wake anasiya mapazi a pensulo m'mphepete monse: apa wachonga, apo wakhwatcha, pena walemba mtengo, pena dzina la sitolo.

Ineyo ndimathandiza nawo pa holo ya kanema ya m'tawuni imene ndimakhala. Ndi nyumba ya njerwa yomangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, ndipo inakhala yotseka zaka zambiri anthu asanasonkherane ndalama n'kuitsegulanso. Palibe amene amalipidwa. Wina amagulitsa matikiti, wina amakazinga mbuliwuli, ine ndimasesa ndi kusintha zilembo za pachikwangwani cha panja. Vuto lathu lakhala limodzi: tikalengeza pa Facebook anthu amadina kuti akonda, koma Loweruka likafika mipando yambiri imangoti mbee. Komiti itagwirizana zoti tionetse filimu yakale ya makauboyi, ndinapita ndi kabuku kanga kumsonkhano n'kupempha kuti andilole kuchita zimene mwini holo wakale uja anachonga. Anandipatsa masabata awiri.

Ndisanayambe ndinafuna kumvetsa chimene chinkamuthamangitsa munthuyu. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, holo ya m'tawuni yaing'ono inkasintha filimu kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo ya makauboyi inkasungidwira Lachisanu ndi Loweruka, masiku amene alimi ankatsikira m'tawuni kudzagula katundu. Mafilimu ambiri otere anali otsika mtengo, otha pa ola limodzi, ojambulidwa mothamanga ndi makampani ang'onoang'ono monga Republic ndi Monogram. Pa filimu yaikulu ya akatswiri otchuka, kampani inkatengako gawo la ndalama za pakhomo. Koma yaing'ono ya makauboyi kawirikawiri mwini holo ankailipira mtengo umodzi wokhazikika, ndipo akangobweza ndalama imeneyo, tikiti iliyonse yotsatira inali yake. Mwana ankalowa ndi masenti 10. Ndiye kuti apeze dola imodzi yowonjezera ankafunika kukopa ana ena khumi. N'chifukwa chake munthu wamkulu, wa taye pakhosi, ankayenda msewu wonse kupempha malo pa mawindo a anzake, sabata ndi sabata.

Masamba amene ndimawakonda kwambiri ali chakumapeto, pamutu wakuti exploitation. Kwina mawu amenewa amanena za kudyera anthu masuku pamutu, koma kwa anthu a kanema ankatanthauza kuitulutsa filimu m'holo n'kukaiika pamsewu. Ena ankangoti ballyhoo, phokoso loitanira anthu. Malangizo ake ndi olunjika. Pezani mnyamata wodziwa hatchi, mumuveke chipewa ndi jombo, azungulire tawuni ndi chikwangwani. Zikani mtengo womangirapo hatchi pakhomo pa holo, ndipo wobwera pa hatchi alowe ulere. Matani paliponse nkhope ya mbava ya mufilimu, mulembepo kuti ikufunidwa. Chititsani mpikisano wozunguza chingwe, wopaka utoto zithunzi, wovala mofanana ndi katswiri wa filimuyo. Kenako pamabwera zimene ankazitcha tie-up, mgwirizano ndi amalonda: wa zipewa, wa nsapato, wa zishalo, wa buledi, wa mkaka, mpaka laibulale, imene ankaipempha kuti iike poonekera mabuku onena za kumadzulo kwa America.

Nzeru zimenezi sizinkachokera ku Hollywood zokha. Eni maholo ankaphunzitsana okhaokha kudzera m'magazini a ntchito yawo. Mu Motion Picture Herald munali gawo lotchedwa Managers' Round Table, m'mene munthu wa kutawuni yosadziwika ankatumiza chithunzi cha ngolo imene wayendetsa pamsewu, anzake akutali n'kutengera, ndipo kuyambira 1934 magaziniyo inkapereka mphotho za Quigley kwa ochita bwino. Amene ankalemba kabuku ku ofesi ya kampani sankadziwa kuti wometa tsitsi wa m'tawuni yakutiyakuti ndi mlamu wake wa mkonzi wa nyuzipepala. Zimenezo ankadziwa ndi mwini holo.

Lolemba m'mawa ndinatuluka ndi makadi 20 m'khwapa. Ndinawasindikiza pa msinkhu weniweni wa makadi a pawindo a nthawi imeneyo, mainchesi 14 m'lifupi ndi 22 m'litali, okhala ndi malo oyera pamwamba olembapo tsiku ndi nthawi. Ndinayambira ku hadiweya, kwa bambo ena a imvi amene amagulitsa misomali, waya wa mpanda, mankhwala a ng'ombe ndi zipolopolo za alenje. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali pakauntala.

"Khadi lanulo ndimata, palibe chovuta," anatero. "Koma mwanena kuti mgwirizano. Inu mupeza anthu m'holo. Nanga ine ndipeza chiyani?"

Ndinagwira njakata. Ndinapita kukapempha, ndipo m'manja mwanga munalibe chopereka.

"Bambo, ndiloleni ndibwere mawa," ndinawayankha.

Usiku umenewo ndinayalanso kabuku patebulo, ndipo ndinaona chimene maso anga anadumpha. Mgwirizano uliwonse umene mwini holo uja anachonga unali ndi njira yolowetsera munthu m'sitolo. Mapepala a mpikisano sankapezeka ku holo, ankapezeka kwa wamalonda. Tikiti yaulere inkapita kwa mwana amene mayi ake amugulira nsapato. Panalinso tsamba lathunthu la nyuzipepala limene ankalitcha co-op page: dzina la filimu pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, m'munsi mwake timabokosi ta amalonda, aliyense kulipira kake. Mwini holo ankapeza tsamba lonse osatulutsa ndalama zambiri, ndipo nyuzipepala inkagulitsa malo ochuluka tsiku limodzi. Pofuna kuti anthu awerenge kabokosi kalikonse, m'kati mwa mawu otsatsa ankabisamo mayina a anthu a m'tawuni kapena chilembo cholakwika mwadala, ndipo wochipeza ankakatenga tikiti m'sitolo momwemo. Mwini holo ankalipira anzakewo ndi chinthu chimene kwa iye sichinkamutayitsa kanthu, mpando umene ukanakhalabe wopanda munthu.

Kutacha ndinabwerera ndi botolo lalikulu lagalasi. Ndinawapempha kuti alidzaze misomali yokhomera nsapato za hatchi, tiliike pawindo pafupi ndi khadi, ndipo wofuna kulosera kuchuluka kwa misomaliyo alowe adzalembe nambala yake pakauntala. Wopambana tidzamulengeza m'holo filimu isanayambe, ndipo akapezeka kuti sanabwere, mphotho ipita kwa womutsatira. Sanayankhe msanga. Analowa kuseri, n'kutuluka ndi bokosi la misomali ndi chingwe chatsopano chokolera ng'ombe, chidakali cholimba ndi phula.

"Mphotho ikhale imeneyi," anatero. "Koma misomaliyo ndiwerenga ndekha."

Tikudzaza botolo, anandikumbutsa mgwirizano umene ine ndimauona kuti unali wanzeru kuposa ina yonse ya mtunduwu. Mu 1950 kampani ya Universal inatulutsa Winchester '73, filimu ya James Stewart yonena za mfuti yosowa imene fakitale ya Winchester inkaizokota mawu akuti ndi imodzi mwa chikwi. Filimu isanatuluke, anamwaza zikwangwani zofunafuna mfuti zenizeni za mtundu umenewu, n'kulonjeza mfuti yatsopano kwa anthu 20 oyamba kusonyeza kuti ali nayo. Anthu anavundukula mabokosi a agogo awo. Mfuti ikapezeka kwinakwake, imeneyo inkakhala nkhani ya nyuzipepala ya kumeneko, yosalipira ndi senti yomwe, ndipo ogulitsa mfuti ankapeza chocheza ndi makasitomala. Filimuyo inayamba kuonetsedwa ku New Haven, Connecticut, kumene kunali fakitaleyo. Bambo a hadiweyawa anati bambo awo anatsitsa yawo pakhoma n'kuipukuta mpaka zilembo zinaoneka, koma inali wamba. Adakali nayo.

Kwina kunali kosavuta. Wogulitsa jombo ndi zipewa anandipatsa windo lonse, ndipo tinayalamo udzu wouma, chishalo chakale ndi nyali ya palafini. Wometa tsitsi analonjeza tikiti kwa mwana aliyense wometa sabata imeneyo. Koma masitolo awiri a makampani akuluakulu anandiuza mwaulemu kuti zomata pawindo zimachokera kulikulu, ndipo pempho langa liyenera kupita pa imelo. Sindinawaimbe mlandu anyamatawo, mphamvu alibe. Ndinangozindikira kuti onse amene anandivomera ndi amene mwini wake amaima yekha kuseri kwa kauntala. Pa nthawi ya kabuku kanga, masitolo ambiri a pamsewu wotere anali a anthu otero.

Mayi amene amagulitsa matikiti m'holo mwathu ali ndi zaka zoposa 80. Atamva zimene ndikuchita, anabwera ndi envulopu n'kutulutsamo chithunzi chaching'ono cha m'mphepete mwa manomano. Pali mnyamata wowonda, wa ndevu zowirira zosagwirizana ndi nkhope yake yachinyamata, chipewa chachitali pamutu, ataima patsogolo pa khoma la matabwa.

"Awa ndi bambo anga, mwanawe," anatero. "Ku Omaha, 1939, ine ndisanabadwe. Ndevuzi anasungira filimu."

Ankanena za Golden Spike Days. Mu Epulo 1939 wopanga mafilimu Cecil B. DeMille anapita ku Omaha ndi filimu yake ya Union Pacific, yonena za kumangidwa kwa njanji yodutsa America, imene mbali zake ziwiri zinalumikizidwa ndi msomali wagolide ku Promontory Summit, Utah, pa 10 Meyi 1869. Likulu la kampani ya njanjiyo lili ku Omaha komweko, ndipo mzinda wonse unalowa m'sewero kwa masiku anayi. Amuna anasunga ndevu, akazi anavala madiresi aatali amakedzana, ndipo masitolo a pakati pa mzinda anawaphimba kumaso kuti aoneke ngati a zaka 70 m'mbuyomo. Pulezidenti Franklin Roosevelt anatsegulira chikondwererocho ali ku Washington pogogoda batani la telegalafu. DeMille ndi akatswiri a filimuyo, Barbara Stanwyck ndi Joel McCrea, anafika pa sitima yapadera kuchokera ku Hollywood, ndipo filimu inaonetsedwa m'maholo atatu usiku umodzi. Pa 1 Epulo, masabata ochepa izi zisanachitike, kampani ya Warner Bros. inali itachita zonga zomwezi ku Dodge City, Kansas, pokhazikitsa filimu ya dzina la tawuniyo, kudzaza sitima ndi katswiri wake Errol Flynn, anzake ndi atolankhani, alendo n'kuchuluka kuposa eni tawuni.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali chithunzicho. Mulibe katswiri wa filimu ngakhale mmodzi. Muli kalaliki wa m'sitolo amene kwa milungu ingapo ankadzuka m'mawa, kudziona pagalasi, n'kusiya lumo pomwe lili. Banja lake linasunga chithunzi chimenechi zaka zonsezi, pamene nkhani ya filimuyo mayi aja sakuidziwa n'komwe. Ndikukhulupirira kuti pamenepa ndi pamene panagona mphamvu ya zonsezi. Filimu ya makauboyi inali yosavuta kuitsanzira: chipewa, mpango pakhosi, hatchi ya mnansi. Anthu a ku Nebraska ndi Kansas ankauzidwa kuti nkhaniyi ndi ya agogo awo, ndipo ankatuluka kukaona anzawo atavala nkhaniyo pamsewu umene amaudziwa.

Mayiwa anandiuzanso kuti iwo ali mwana, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pakhomo pa holo yathu pankakhala katoni yosiyamo mfuti zoseweretsa, chifukwa anyamata ankawombera mbava ya pakanema mpaka osamvana. Mfuti zoterozo zinali malonda aakulu. Kampani ya Kenton Hardware ya ku Ohio, imene inkavutika m'zaka za umphawi waukulu, inadzuka itayamba kupanga mfuti yoseweretsa ya dzina la Gene Autry, katswiri wa mafilimu a makauboyi, mu 1937.

Pali tsamba limodzi limene mwini holo uja anachonga koma ine ndinalikana. Limati mulembe munthu ganyu, mumupake utoto kumaso, mumuveke nthenga ndi bulangete, aime pakhomo ngati mwini nthaka wa ku America, mmodzi wa anthu amene analiko Azungu asanafike. Mnzanga wina wa m'komiti anati ndi mbiri chabe, ana asangalala nazo. Ndinamukumbutsa kuti dzina lakuti Omaha ndi la mtundu wa anthu amene adakalipo m'chigawo chino. Ndinamukumbutsanso kuti mu 1877 a Ponca anachotsedwa pa nthaka yawo ya kumtsinje wa Niobrara n'kuyendetsedwa mpaka kudera limene lero ndi Oklahoma, ambiri n'kufa, ndipo mu 1879 mfumu yawo, Standing Bear, inachita kuima m'khothi ku Omaha kuti woweruza Elmer Dundy agamule zoti mwini nthaka ndi munthu pamaso pa lamulo. Zidzukulu za anthu amenewa zimayenda m'misewu yomweyi. Kabukuka ndimakakonda, koma kanalembedwa ndi anthu amene sankaganiza kuti mwana wa Ponca kapena wa Lakota angakhale pamzere wa matikiti. Tinakangana pang'ono, ndipo tsambalo tinalisiya.

Ku bekale ndinapezako mtsikana amene anatenga bizinesi kwa amayi ake. Anavomera kumata kapepala ka theka la mtengo wa tikiti pa buledi aliyense wa Lachisanu. Sankadziwa kuti buledi ndi makauboyi ndi anansi akale. Kauboyi wa m'sewero Lone Ranger, amene anayamba kumveka pa wayilesi ya WXYZ ku Detroit mu 1933, ankalipiridwa ndi opanga buledi wa Silvercup, ndipo pulogalamu ya dzina la Tom Mix inkagulitsa phala la Ralston. Koma njira imeneyi ndi imene inadzamulanda ntchito mwini holo. William Boyd, amene ankasewera ngati kauboyi Hopalong Cassidy, anagula umwini wa mafilimu ake akale n'kuwaika pa TV, ndipo pofika 1949 ana ankamuona ulere ali m'nyumba. Mu 1950 kampani ya Aladdin inamata chithunzi chake pa kabokosi kachitsulo konyamulira chakudya cha kusukulu, n'kugulitsa 600,000 m'chaka chimodzi. Kabokosi kameneko sikankafuna munthu woyenda sitolo ndi sitolo. Mgwirizano unkasainidwa kamodzi ku ofesi yakutali, katundu n'kungofika pa lole. Pomatha zaka za m'ma 1950, Republic inali itasiya kupanga mafilimu.

Tsamba lathu la m'nyuzipepala linatuluka Lachinayi, ndi timabokosi tisanu ndi kamodzi. Linali lokongola, koma osindikiza analemba kuti filimu iyamba 7 koloko pamene ife tinati 2 koloko masana. Nyuzipepalayo imatuluka kamodzi pa sabata, ndiye pokonzera panalibe. Ndinatenga cholembera chakuda n'kuyendanso msewu wonse, kukuza nthawi pakhadi lililonse ndi kupempha wamalonda aliyense kuti aziuza makasitomala pakamwa. Wometa tsitsi anati wakhala akuuza munthu aliyense wokhala pampando wake kuyambira Lolemba, ndipo awonjezerapo nkhani ya cholakwikacho. Ndikuganiza kuti cholakwikacho chinayenda mtunda wautali kuposa tsambalo.

Hatchi tinabwereka kwa mlimi wa ng'ombe wa kunja kwa tawuni. Inali yaikazi, yofiirira, ya banga loyera pamphumi, ndipo woikwera anali mwana wamkazi wa mlimiyo, wa zaka 17. Chilolezo choyenda nayo pamsewu waukulu ndinakatenga ku ofesi ya tawuni, ndipo anandipatsa ndi lamulo limodzi, lakuti fosholo ndi ndowa zikhale m'manja mwanga. Walira mvula walira matope. Zomata nkhope ya mbava pa mitengo ya magetsi anatikaniza, ndipo ndinawamvetsa.

Loweruka cha m'ma 10 koloko tinamangirira zikwangwani ziwiri za katoni m'mbali mwa chishalo monga momwe kabuku kanajambulira. Koma mphepo ya ku Nebraska sipuma. Titangokhota pakona, chikwangwani china chinatukuka n'kumenya hatchi m'nthiti. Makutu ake anagona kumbuyo, maso anaoneka koyera, ndipo inayamba kuyenda chammbali kulowera ku galimoto zoimikidwa, nsapato zake zikukhula phula la msewu. Mtima wanga unangoti myu. Mtsikanayo sanakuwe kapena kukoka chingwe mwaukali. Anawerama mpaka tsaya lake linakhudza chenjerere cha pakhosi pa hatchiyo, n'kumainong'oneza kwinaku akuisisita, ndipo ndinaona thupi lonse la nyamayo likufewa pang'onopang'ono, kuyambira paphewa kutsikira kumiyendo.

"Bambo, chotsani makatoniwa," anandiuza motsitsa mawu. "Sakuwafuna."

Ndinadula zingwe ndi mpeni. Anyamata awiri amene ankaonerera ali panjinga anafunsa ngati anganyamule zikwangwanizo, ndipo ndinawapatsa. Kuyambira pamenepo hatchi inali patsogolo, anyamata a zikwangwani pambuyo pake, ine kumapeto ndi ndowa yanga. Ulendo woyamba tinali anayi. Wachiwiri ana anatitsatira gulu. Wachitatu anthu anali atatuluka m'masitolo, wina ali ndi nsalu ya wometa pakhosi, ndipo kulira kwa nsapato za hatchi kunkamveka kuchokera kumapeto kwa msewu kukafika kwina. Pafupifupi aliyense anatulutsa foni. Zithunzi zimene anaika okha pa Facebook m'mawa umenewo zinafika kwa anthu amene uthenga wathu sunawafikepo chiyambire.

Chimene sindinkayembekeza chinali cha mtengo womangirapo hatchi. Tinauzika pongotsanzira kabuku, osaganiza kuti wina angabwere. Itangokwana 1 koloko ndi theka, bambo ndi mwana wake anatulukira chakumpoto ali pa mahatchi awiri, fumbi lili m'miyendo, atayenda ulendo wa ola lathunthu. Anatsika, kumanga zingwe, n'kufunsa ngati za ulerezo zinali zoona. Mayi a matikiti aja anatuluka m'kachipinda kawo n'kuwaperekeza okha mpaka pampando.

Tsiku limenelo tinatsegula mipando ya m'mwamba koyamba chitsegulireninso holo. Magetsi asanazimitsidwe, bambo a hadiweya anakwera kutsogolo ndi envulopu yomata. Munthu amene amalankhula molamula pakauntala yake, pamenepa manja ankanjenjemera. Anawerenga nambala ya misomali kawiri. Wopambana anali kamtsikana ka giredi 4, kamene kanaphonya ndi misomali isanu ndi inayi yokha, ndipo kanakhala filimu yonse chingwe chili paphewa. Mbava itaoneka pakanema ana anaikuwiza, ndipo hatchi ya mwini nkhani itadumpha phompho holo yonse inawomba m'manja, akuluakulu omwe.

Lolemba ndinayenda kutolera makadi ndi kufunsa aliyense mmene zayendera, chifukwa funso la bambo aja linali lisanandichoke. Wa jombo anati sanagulitse ngakhale peyala imodzi, ngakhale anthu ambiri anaima pawindo, ndipo sanalonjeze za ulendo wina. Wa bekale anati buledi wa Lachisanu anatha dzuwa lisanapendeke. Wometa anakana kubweza khadi lake, lili pakhoma pafupi ndi galasi. Ine miyendo inkawawa, ndipo ndinkangoganiza za mwini pensulo uja, amene Lolemba ngati limeneli ankakhala atayala kale kabuku ka filimu ina patebulo, sizasi ili m'manja.

Ku hadiweya ndinapeza botolo lidakali pawindo, misomali atakhuthula. Ndinafunsa bambowo ngati apezapo kanthu. Anatsegula kope limene anthu ankalembamo manambala awo n'kuyendetsa chala pa mayina. Anati ena mwa amenewa sanapondemo m'sitolo mwawo chimangidwireni sitolo yaikulu ya kumsewu wa kunja kwa tawuni, ndipo angapo anatuluka ndi magolovesi kapena mababu. Kenako anagogoda botolo ndi chikhadabo.

"Ulendo wina tiikamo zingwe za jombo, n'zovuta kulosera," anatero. "Mundiuze tsiku msanga."

Komiti yasankha Loweruka lachiwiri la Okutobala. Ndaimbira mlimi uja, koma akuti hatchi yofiirira ili ndi bere, ndipo enawo sanazolowere phokoso la galimoto. Wandipatsa nambala ya mnansi wake amene ali ndi abulu awiri ndi ngolo, ndipo ndikupita kukawaona mawa ndikaweruka.